Umboni wa Bambo Aakulu a Lameki

Bambo anga aakulu, a Lameki, tinawaika m'manda sabata yatha, koma kunena zoona mtima wanga sunaphwebe nawo. Ndikudziwa, amati wakufa sanenedwa. Chabwino. Koma munthu uja anatisautsa ali moyo, watisautsanso ndi maliro ake omwe, ndiye mundilole nditulutse zimene zili kukhosi.

Anali mkulu wawo wa bambo anga ondibereka, a Filipo, bere limodzi. Ntchito yawo inali ya utelala, ndipo makina awo ankakhala pakhonde la golosale ina ku Naisi, m'mphepete mwa msewu wopita ku Liwonde. Kutchalitchi kwathu kumudzi anali mkulu wa mpingo, komanso ndiwo ankayambitsa nyimbo, poti mawu anali nawo, oti akakweza ana ogona kumsana ankadzidzimuka. Koma ntchito imene anadzipatsa okha, popanda wowatuma, inali yotsimikizira anthu kuti Mulungu alipo. Tangoganizani, kuno ku Domasi! Kuno kumene belu la ku Mishoni linayamba kulira agogo athu asanamere mano, kumene ngakhale chidakwa chikagwera m'ngalande chimafuula kuti “Ambuye!” Ankatsimikizira ndani? Ifeyo, okhulupirira kale.

Ubwere ndi malaya othothoka batani, ukufulumira kuti ukakwere galimoto ya ku Zomba. Iwo alandira malayawo, awatembenuza, kenaka akuloza batani lotsala.

“Batani ili ndi kabowo aka zinakumana mwangozi?”

“Ayi, a Lameki.”

“Anazikumaniza ndani?”

“Telala.”

“Ehee! Nanga diso lakolo ndi kuwala kwa dzuwa anazikumaniza ndani? Nanga pakamwa pa khanda ndi bere la mayi ake?”

“A Lameki, inetu ndine wa kwaya.”

“Ndikudziwa. Koma umaimba zimene ukuzidziwa, kapena umangotsatira anzako?”

Apo n'kuti ulusi usanalowe n'komwe m'singano, ndipo galimoto ija yadutsa kalekale.

Chimanga chootcha ife ana sitinkadyera pamaso pawo. Akakupeza nacho ankakulanda m'manja n'kuyamba kuwerenga mizere yake ndi chala chonunkha mafuta a makina. Ankati mizere ya chimanga imayenda iwiriiwiri, sudzapeza umodzi wotsala wokha ngakhale utapasula nkhokwe zonse za m'chigwa muno, ndiye kuti alipo amene amawerenga. Ine ndinayesapo kuwagwira bodza. Ndinawerenga zitsononkho mpaka maso kuwawa, koma ayi ndithu, ankanena zoona, ndipo chimenecho ndicho chinkanyansa kwambiri. Chimanga chako ankakubwezera chitazizira.

Ukati wamva ludzu, walakwa. Ankati ludzu ndi umboni woti madzi aliko kwinakwake, ndipo mtima wa munthu, kaya Mnyanja, kaya Myao, kaya Mlomwe, uli ndi ludzu lofuna Mwini wake, n'chifukwa chake makolo athu ankatchula Namalenga mzungu asanaponde kuno. Mayi wina atabeledwa nkhuku anabwera pakhonde paja akulira. Iwo m'malo mopepesa anamufunsa kuti wakubayo anabisaliranji, ndani anamuuza mumtima kuti kuba n'koipa? Ati lamulo silidzilemba lokha. Mayiyo anati iye akufuna nkhuku yake, za malamulo akafunse apolisi.

Komatu tonsefe tinali mwala wonolerapo mpeni chabe. Munthu amene ankamunolera mpeniwo anali mmodzi yekha, mng'ono wawo, bambo anga.

Bambo anali munthu wofatsa, womanga mabala pa chipatala china. Anakulira mumpingo momwemo, kalasi ya ubatizo anachita, mgonero ankadya. Ine ndisanabadwe, mwana wawo woyamba, Davide, anamwalira ndi chikuku ali m'manja mwawo, iwo atapemphera mpaka mawu kusasa. Maliro atatha sanalalate, sanayambe mowa, sanatenge mkazi wachiwiri. Anangovala jekete, kupita kwa akulu a mpingo, n'kukabweza khadi lawo la mgonero. Anati, “Ndaitana, palibe wandiyankha. Sindikuganiza kuti kuli aliyense kumeneko, ndipo sindikufuna kudya mgonero wabodza.” Sanawaletse amayi kupemphera, ifenso ana ankatidzutsa okha kuti tisachedwe ku Sande sukulu. Koma iwo m'tchalitchi sanalowemonso.

Ndiye Lamlungu lililonse, mapemphero akangotha, a Lameki ankafika kwathu pa njinga, tayi ali m'khosi, thukuta kamukamu, atatenga mfundo yatsopano imene akhala akuisoka sabata yonse. Bambo ankawatulutsira mpando wabwino. Amayi ankabweretsa thobwa n'kuthawa.

“Filipo, madzi a mu Domasi amachokera kuti?”

“Kuphiri, achimwene.”

“Phiri limawatenga kuti?”

“Ku mvula.”

“Mvula?”

“Ku mitambo. Mukufuna tikafike kuti lero?”

“Tikafike kwa woyamba! Chilichonse chili ndi chochiyambitsa. Ukabwerera m'mbuyo, n'kubwererabe, uyenera kukaima pa wina amene sanayambitsidwe ndi aliyense.”

“Nanga iyeyo anachokera kuti?”

“Aaa, iwe! Limenelo ndi funso la mwana wa sitandade wani!”

“Ndiye liyankheni msanga, poti ndi losavuta.”

Pamenepo a Lameki ankadzuka, kukankha njinga mpaka pa mtengo wa mapapaya, n'kubwereranso chifukwa akumbukira yankho. Dzuwa linkalowa akadali pomwepo. Tsiku lina, atatopa, anayesa njira yachidule. Anati, “Chabwino, ungokhulupirira basi. Ukakapeza kuti kulibe, wataya chiyani? Koma ukakana n'kukapeza kuti alipo, udzalowera kuti?” Bambo anaseka mpaka kutsokomola. “Achimwene, mukufuna ndikalowe kumwamba ngati munthu wa juga? Mulungu wanuyo ngati alipo, sangandizindikire kuti ndikungobetcha?” A Lameki anavomera kuti mfundo imeneyo inali yowola, ndipo sanaibwerezenso. Chinthu chimodzi ndiwayamikire, sankaba pa mtsutso. Akagonja ankanena kuti lero ndagonja, koma Lamlungu linalo anali atafikanso.

Anthu ankadabwa kuti awiriwa sadana bwanji. Kudana kuti? Yunifolomu zathu zonse za kusukulu anasoka ndi a Lameki osalandira kanthu, ndipo mwendo wawo utatupa anauchiritsa ndi bambo. Chibale ndi fupa, sichiola. Amene tinkaola ndife omvera.

Kenaka kunabwera chilala chija, chaka chimene tinadya chimanga chachikasu cholandira. Mmera unapserera uli m'mawondo, mtsinje unasanduka mchenga ndi timadzi ta apa ndi apo. Bambo n'kuti atapuma ntchito ndipo chifuwa chitawagwira, akuonda tsiku ndi tsiku. Lamlungu lina analoza kumunda n'kunena kuti, “Achimwene, pitani mukawerenge mizere chaka chino. Wowerenga uja wapita kutchuthi?” Mawu awo anali ndi ukali umene sindinaumvepo. A Lameki anayang'ana mundawo, kenaka anati, “Sindikudziwa chifukwa chake, Filipo. Za Davide sindikudziwanso. Koma iwe wakwiyira ndani? Munthu sakwiyira nyumba yopanda anthu.” Bambo anati sanakwiye, angotopa. Tsiku limenelo thobwa anamwa mwakachetechete.

Amayi nkhawa yawo inali ina, ndipo sankaibisa. Kwathu kuno munthu amene anatuluka kapena kudulidwa mumpingo, akamwalira asanabwerere, mpingo sumuika. Akhristu amabwera ngati anansi chabe. Amayi a mpingo savala zoyera zawo, Baibulo silitsegulidwa, nyimbo siimbidwa. Munthu amapita kumanda ngati katundu. Amayi anga, amene anaimba pa maliro a anthu osawerengeka kuyambira ku Naisi mpaka ku Malosa, ankati akaganiza zoti mwamuna wawo adzapita chete chakudya chinkawakanika. Ndipo amene ankalimbikira lamulo limeneli kuposa onse m'bwalo la akulu a mpingo anali a Lameki omwewo. Ankati mpingo si basi yoti munthu azikwera atafa.

Choncho amayi, amene kale ankathawa mtsutso uja, anayamba kuwatumira uthenga alamu awo kuti azibwera ngakhale pakati pa sabata. Ankawapempha kuti, “Alamu, asiyeni za mitsinje ndi mabatani. Angonena liwu limodzi lokha, loti eya, basi.”

Tsiku lomaliza la moyo wa bambo, ine ndi amayi tinapita kukalandira chimanga chija, bambo tinawasiya ndi a Lameki. Tikubwerera masana, matumba ali pamutu, tinamva nyimbo ikuchokera m'nyumba mwathu. Anali mawu a a Lameki, koma otsika, ngati akugoneka mwana. M'nyumba imeneyo bambo anali asanalolepo mkulu wawo kuimba kapena kupemphera pamutu pawo. Amayi anatula thumba pansi, n'kugwada panjira pomwepo, misozi chuchuchu. “Abwerera, Esinati! Bambo ako abwerera!” Dzuwa lisanalowe bambo anatisiya.

M'mawa mwake akulu a mpingo anabwera n'kukhala kuseli kwa nyumba, pamthunzi. Wotsogolera anali a Kalinde, munthu wachifundo amene bambo anamumangapo bala la nkhwangwa. Ine ndinali pomwepo, ndikuwapatsa madzi.

“A Lameki,” anatero a Kalinde, “tamva kuti malemuwa anapempha nyimbo asanatisiye. Ndi zoona?”

“Zoona. Anati, achimwene, mundiimbire ija ankaimba amayi athu popeta.”

“Nyimbo ya Mulungu?”

“Ya Mulungu.”

A Kalinde anapumira m'mwamba n'kuyang'ana anzawo, onse akugwedeza mitu. “Basitu. Munthu wopempha nyimbo ya Mulungu ali pa mphasa ya imfa ndiye kuti wabwerera kwawo. Auzeni amayi a mpingo akavale zoyera.” Anagwira ndodo yawo kuti adzuke.

“Sindinamalize,” anatero a Lameki.

“Mwamaliza, a Lameki.”

“Sindinamalize. Nditaimba ndinamufunsa kuti, Filipo, ndiye kuti wakhulupirira? Iye anamwetulira n'kunena kuti, ayi achimwene, musadzinamize, ndangowasowa amayi.”

Abale inu! Ndinalakalaka kuwakhuthulira madzi onse a m'ndowa pamutu. Anawafunsa ndani? Anthu anali atadzuka kale, nkhani itatha, chitseko chitatseguka, iwo n'kuchitseka ndi manja awo.

A Kalinde anayesetsa, ndisawanamizire. “Zimenezo sitinakufunseni.”

“Koma ndakuuzani.”

“Munthu wodwala amalankhula zambiri, mutu sukhala bwino.”

“Mutu wake unali bwino kuposa wanu ndi wanga.”

Mawu akatuluka pamaso pa bwalo sabwereranso m'kamwa. Akulu aja anakhalanso pansi, kunong'onezana pang'ono, ndipo a Kalinde ananena mosayang'ana munthu kuti mpingo ubwera kudzakhuza ngati anansi.

Amayi atamva anatuluka m'nyumba ya siwa, chitenje atamanga m'chiuno, n'kukaima pamaso pa alamu awo anthu onse akuona.

“Alamu, mwandipha ine. Sindinakupempheni kuti muname. Kungotseka pakamwa basi! Mulungu wanuyo akanachepa chifukwa inu mwameza mawu?”

A Lameki anayankha. “Alamu, zaka zonsezi ndakhala ndikumuuza Filipo kuti alipo wina amene amamva ngakhale zonong'ona za m'chipinda. Lero ndichite ngati m'chipinda muja tinalimo awiri okha? Ndikatero ndiye kuti amene ankanena zoona ndi iyeyo. Komanso mng'ono wanga uja sanandinamizepo chibadwire. Wakana ali maso. Ndimuvomeretse ine atatseka maso?”

“Ndiye mwapambanatu,” anatero amayi. “Kondwani.”

Maliro opanda nyimbo ngati simunawaonepo, musawafune. Anthu anabwera ambiri, chifukwa bambo anamanga mabala a mudzi wonse. Koma ulendo wa kumanda unkangomveka mapazi pa dothi louma, kutsokomola, ndi kulira kwa apa ndi apo kopanda chokunyamula. Anzawo a amayi anali m'zitenje wamba, milomo ikuyenda yokha, akudziletsa. Adzukulu pokwirira, khasu lililonse linkamveka palokha. A Lameki ananyamula nawo bokosi kuchokera pakhomo mpaka kumanda, osalola munthu kuwalandira, phewa mpaka kusupuka. Ine sizinandikhudze tsiku limenelo. Ndinkangoti, nyamulani, mwazifuna nokha.

Tinkayesa kuti zathera pomwepo, koma a Lameki sankachita chinthu mwatheka. Lamlungu lotsatira sanakhale kutsogolo pa mipando ya akulu a mpingo. Anakakhala kumbuyo kwenikweni, kumapeto kwa benchi ya pafupi ndi chitseko, kumene amakhala ochedwa ndi odulidwa. Nyimbo yoyamba italengezedwa tchalitchi chonse chinadikira kuti ayambitse, monga mwa masiku onse. Anaimirira, buku lili m'manja, pakamwa ali tseke. Mpaka mnyamata wina wa kwaya anayambitsa mokweza kwambiri, azimayi n'kukanika kufikira.

Palibe anawadula, palibe anawadzudzula. A Kalinde anapita kukawanyengerera, abusa atabwera kudzadyetsa mgonero anawaitanira pambali. Yankho linali limodzi, loti lamulo lija ndi labwino ndipo atafunsidwanso anganene zomwezo, koma mng'ono wawo anapita chete chifukwa cha pakamwa pawo, ndiye pakamwa pomwepo pakhalenso chete. Kupemphera ankapemphera, chopereka ankapereka, mgonero ankadya. Kuimba kokha ayi. Mwaona kuuma mutu kwake? Kutimana nyimbo pa maliro sikunawakwanire, anatimananso mawu awo m'tchalitchi zaka zonse zotsalazo. Zipani zambiri zinabwera, ndalama inagwa, denga la tchalitchi tinasintha, iwo ali pomwepo pa chitseko, pakamwa ali tseke.

Za maumboni zija anasiyanso. Ukapita ndi malaya ankangosoka n'kukupatsa. Zaka zonse tinkapempha kuti munthu ameneyu atipumitse, koma atatipumitsa zinafika poipa. Tsiku lina ndinachita kuwaputa dala, ndinati, bambo aakulu, kodi Mulungu alipodi? Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, “Alipo. Ukufuna ulusi wakuda kapena woyera?”

Amayi sanawakhululukire msanga, mwinanso sanawakhululukire n'komwe. Moni ankapatsana, matenda ankazondana, koma thobwa la Lamlungu linatha. Mwezi watha a Lameki, matenda atawagoneka pa mphasa, anaitanitsa amayi pamodzi ndi a Kalinde. Anati, “Ndikapita mundiike pafupi ndi Filipo, ndipo musandiimbire. Ndipite monga anapitira iye.” Amayi anati, “Auzeni anzanu a mpingowa, ine ndilibe mawu.” A Kalinde anangoti tamva.

Kumva anamvadi, koma bwalo litakhala linati zimenezo sizingatheke. Mkulu wa mpingo wosadulidwa, wa mgonero mpaka tsiku lomaliza, angapite bwanji chete? Anthu adzati anachimwa chiyani? Lamulo lomwe lija limene linamana bambo anga nyimbo linawakakamiza iwo nyimbo. Ndiye anaimbiridwa, osati pang'ono. Makwaya anabwera mpaka ochokera kutsidya, amayi a mpingo ali mbuu ndi zoyera, abusa awiri, ulaliki wautali woti iwo akanapezamo zolakwika. Munthu amene anakana kumeza mawu a mng'ono wake, mawu ake omwe anamezedwa ndi bwalo lonse. Ndinkafuna kuseka, ndinkafunanso kulalata, koma sindinadziwe woti ndimulalatire.

Amayi anavala zoyera zawo n'kukhala kutsogolo pakati pa anzawo. Pa maliro ndiwo amayambitsa nyimbo kumbali ya azimayi. Anzawo anawayang'ana, wina anawakodola, wina anawagunda ndi chigongono. Amayi maso ali pa bokosi, pakamwa ali tseke. Kuyambira pakhomo mpaka dothi lomaliza sanatulutse liwu ndi limodzi lomwe, iwo okha pa gulu lonse lija.

Pobwerera ndinawafunsa. “Amayi, kunali kubwezera kumene kuja?”

Anati, “Munthu uja anapempha. Wina amayenera kumumvera.”

Dzulo linali Lamlungu loyamba chiwaikireni. Benchi ya pa chitseko ija ndi yoipa, mwendo umodzi ndi waufupi, ndipo mvula ikamagwa ndi mphepo imawazidwa. Kumapeto kwake thabwa linachita kusalala ndi kuda, pamene a Lameki ankagwira poimirira. Ochedwa anabwera monga mwa nthawi zonse, anathithikana mbali inayo, ena anaima kukhoma, koma pamalo pajapo sanakhalepo munthu. Nyimbo italengezedwa ndinacheuka mwachizolowezi. Tchalitchi chonse chinaimba, akulu, ana, a Kalinde, amayi anga omwe. Munalibenso munthu ndi mmodzi yemwe wotseka pakamwa chifukwa cha bambo anga.